Malonda a masamba a tiyi amayendera nyengo

Tiyi amene amamwedwa m'matiyirumu a ku Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje salimidwa m'chigwa cha Shire. Amatsika kuchokera ku mapiri a Thyolo ndi Mulanje, komwe mbewuyi yakhala ikulimidwa ngati ya malonda kuyambira m'ma 1890. Kumtundako n'kozizira pomwe kuchigwa n'kotentha kwambiri, ndipo wogulitsa masamba oyeza pa sikelo amene saganizira kusiyanaku amapha mpamba wake ali maso.

Choyamba n'kudziwa nthawi imene tiyi amachuluka. Masamba ambiri amathyoledwa m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, chifukwa mitengo imaphuka msanga mvula ikamagwa. Apa ndi pamene mafakitale amakhala ndi katundu wambiri ndipo ku okushoni ya tiyi ku Limbe kumadzaza. M'chilimwe mitengo imaphuka pang'onopang'ono, tiyi amachepa, koma masamba ophuka mochedwawa nthawi zambiri amakhala ndi fungo komanso kukoma kwabwino.

Wina angaganize kuti nzeru n'kuoda matumba ambiri mu Januwale kapena Febuluwale. Kuchigwa maganizo amenewa ndi oopsa. Tiyi amatuluka m'fakitale atauma kwambiri, ndipo akangopeza mpata amayamwa chinyezi cha mumpweya. Akatero amataya fungo, amasuluka, mapeto ake amachita chuku. Miyezi imeneyi ndi yomwenso madzi amasefukira ku Chikwawa ndi Nsanje, monga zidachitikira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Thumba la chimanga likanyowa munthu amatha kuyanika, koma tiyi akanyowa ndiye kuti wapita. Choncho m'dzinja ndi bwino kuoda wongokwanira sabata ziwiri kapena zitatu, n'kumusunga pamwamba, osati pansi kapena motsamira khoma.

Nthawi yoodako wambiri ndi kumapeto kwa Epulo ndi mu Meyi, mvula itakata. Apa katundu amakhala asanachepe kumtunda, misewu yauma, ndipo makasitomala ali pafupi kuchuluka. Alimi amakhala akugulitsa thonje ndi chitowe, ku Nchalo ntchito yodula nzimbe yayamba, kenaka Juni ndi Julayi amabwera ndi kamphepo ka m'mawa komwe kamathamangitsira anthu ku tiyirumu. Wamalonda wofika m'nyengo yozizira alibe katundu amangoonerera anzake akugulitsa.

Kuyambira Seputembala mpaka Novembala mdani amakhala dzuwa. Kuchigwa kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo masamba oyalidwa pa benchi m'timapepala toonekera mkati amatha mphamvu m'masiku ochepa. Njira yabwino n'kuika timapaketi tochepa poonetsera, otsalawo akhale m'chitini kapena m'ndowa yotseka bwino pamthunzi. Tiyi amakokanso fungo la zinthu zoyandikana nazo, motero sayenera kugona pamodzi ndi sopo, palafini, fodya kapena nsomba zouma. M'miyezi yotenthayi ndi nzeru kuwonjezerapo chidede chouma, chomwe anthu amatha kuwiritsa n'kumwa chitazizira.

Chachiwiri n'kudziwa mtundu wa masamba ndi amene akuwafuna. Tiyi wosalala ngati fumbi amatulutsa mtundu mwachangu ndipo amalimba ngakhale athiridwe mkaka, n'chifukwa chake eni matiyirumu amamukonda. Wa timibulu tokulirapo amachedwa pang'ono kutulutsa mtundu koma amakoma bwino kwa omwera pakhomo. Palinso tiyi wapadera wa masamba athunthu, wobiriwira, woyera ndi wotchedwa oolong, amene esiteti ya Satemwa ku Thyolo, yomwe idakhazikitsidwa mu 1923, imadziwika naye mpaka kunja. Ameneyu ndi wokwera mtengo ndipo sayenda mwachangu pamsika wamba. Wofuna kumuyesa ayambe ndi timapaketi tochepa, atapeza kale ogula monga malo ogona alendo ndi ogwira ntchito m'maofesi.

Wogulitsa tiyi ayeneranso kukhala mphunzitsi, chifukwa kasitomala akaphika molakwika amanyoza katundu, osati kaphikidwe kake. Tiyi wakuda amafuna madzi owira kumene, n'kuvundikira mphindi zitatu mpaka zisanu. Kumuwiritsa nthawi yaitali pamoto kumangomuwawitsa. Wobiriwira safuna madzi obwadamuka: aphulidwe, akhale kaye mphindi zingapo, kenaka masamba aviikidwe mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Masamba athunthu amatha kuviikidwa kawiri kapena katatu, ndipo mfundo imeneyi ndi yomwe imathandiza wogula kumvetsa mtengo wake.

Masamu nawo asamasiyidwe. Kapu imodzi imafuna magalamu awiri kapena atatu, kutanthauza kuti kilo imodzi imatulutsa makapu pakati pa 330 ndi 500. Mwini tiyirumu akagawa mtengo wa kilo ndi nambala imeneyi aona kuti ndalama zake zambiri zimathera ku shuga, mkaka ndi nkhuni, osati ku masamba. Kusiya masamba abwino n'kuthamangira otchipa kumapulumutsa ndalama zochepa chabe pa kapu, koma kumatha kuthawitsa makasitomala. Wogulitsa wodziwa kufotokoza masamuwa savutika kupeza oda yokhazikika.

Pomaliza, gwero la katundu lidziwike. Tiyi woperekedwa mobisa pa mtengo wodabwitsa akhoza kukhala wobedwa, wosesedwa pansi kapena wosakanizidwa ndi zinthu zina. Wamalonda apemphe lisiti, anunkhize masamba, aphike pang'ono asanalipire, ndipo aziyeza pa sikelo yovomerezedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Pa chitini chilichonse alembe tsiku limene katundu adafika kuti woyamba kubwera akhalenso woyamba kugulitsidwa.