Tiki ya anganga

Anganga anga, amayi a mayi anga, anali ndi kachitini kamene sitinkakakhudza popanda chilolezo. Munali singano, mabatani, mikanda yoduka ndi kandalama kamodzi kakang'ono, koyererako, kokhala ndi mutu wa mfumukazi ya ku Britain mbali ina ndi duwa mbali inayo. Inali tiki, mapeni atatu, ndalama ya nthawi ya Chitaganya. Tili ana tinkangoiona ngati chidole. Nkhani yake ndinaimva nditakula, tsiku lina masana anganga akupeta mpunga pakhonde kwathu ku Domasi, mitambo itaphimba phiri la Malosa. Ndikuilemba lero chifukwa mawu akuti "titulukemo" ndi "titseke malire" sanathe. Amabwera m'badwo uliwonse, ndipo nthawi zonse amakoma m'khutu.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953. Chinamanga pamodzi maiko atatu amene lero ndi Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, likulu lake lili ku Salisbury, kumene makolo athu ankati ku Halale. Azungu ankachigulitsa ngati mgwirizano wa chuma: msika umodzi, ndalama imodzi, katundu kuyenda popanda msonkho pamalire. Koma mwini dziko sanafunsidwe. M'nyumba ya malamulo ya Chitaganya munali mipando 35, ndipo anthu akuda anali 6 okha, awiri kuchokera m'dziko lililonse. Chuma chambiri chinkachokera ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, koma mafakitale ankamera ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Msonkho unakwezedwa pa nsalu zotchipa zochokera kunja pofuna kuteteza mafakitalewo, kotero kuti mayi wa ku Songani ankalipira zambiri pa chitenje kuti fakitale ya kwa eni ikule. Magetsi a pa Nkula anadikira, damu la Kariba likumangidwa. Ntchito yathu inali kutumiza anyamata kukalima fodya ndi kukakumba migodi, ena n'kutchona.

Kuno ku Domasi mkwiyo unali ndi nkhope yake. Kuyambira mu 1949 boma la atsamunda linasankha chigwa chino kukhala poyesera chitukuko cha m'midzi, ndipo malamulo a malimidwe ankatsatidwa mwankhanza. Munthu ankalipitsidwa chifukwa cha mizere ya m'munda wake womwe. Chitaganya chitabwera, anthu anaona kuti malimidwe ndi Chitaganya ndi mwana ndi mayi wake, ndipo kuti mapeto ake minda idzapita kwa azungu monga zinachitikira kwa anzathu a ku Southern Rhodesia. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana zomwezi. Mu 1955 mnyamata wina wophunzira, Henry Masauko Chipembere, anagwirako ntchito ya boma pa Domasi pano, asanaisiye kuti alowe ndale.

Choncho pamene Dr Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 n'kunena kuti wabwera kudzaphwanya Chitaganya, anganga anali m'gulu la amayi olulutira. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analamula kuti atsogoleri a chipani cha Congress amangidwe. Anthu oposa 50 anaphedwa m'dziko muno, ambiri mwa iwo pa doko la Nkhata Bay, ndipo Kamuzu anakatsekeredwa ku Gwelo. Magazi atakhetsedwa, nkhani ya Chitaganya inasiya kukhala ya kukambirana. Inasanduka ya kusankha mbali: uli nafe, kapena uli ndi Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya.

Anganga anali ndi mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba, mphunzitsi amene anaphunzira ntchito yake pa Domasi pomwepa. Chitaganya ankadana nacho ngati wina aliyense. Koma anali munthu wowerengera, wosunga kabuku ka ndalama zonse za pabanja. Tsiku lina mu 1960, Kamuzu atatuluka m'ndende, kunali msonkhano pansi pa mitengo ya mango. Atsogoleri a m'dera atalankhula, anthu atakuwa "Kwacha!" mpaka mawu kusasa, aphunzitsi aja anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Abale anga, kutuluka tituluka, ndipo n'koyenera. Koma zipatala zili m'manja mwa Chitaganya. Mankhwala akuchokera kumeneko, malipiro a madokotala akuchokera kumeneko. Ana athu ambiri ali ku Halale. Ndikungofunsa: tikatuluka, m'mawa mwake adzagula mankhwala ndani? Ndipo amene tikum'patsa mphamvu zonsezi, akadzalakwa adzamudzudzula ndani?"

Anganga ankati panakhala chete kanthawi kochepa kwambiri. Kenako mnyamata wina wa m'mudzi momwemo, amene aphunzitsi aja anamuphunzitsa kulemba dzina lake, anafuula: "Kapirikoni!" Limeneli linali dzina la munthu wogulitsa anzake kwa azungu, ndipo likakumata silinkachoka. Usiku womwewo chimanga chawo chinathyoledwa chili chachiwisi. Pamaliro anthu ankasuntha iwo akakhala pansi. Ku chigayo palibe ankayankha moni wawo.

"Nanga inu, anganga?" ndinafunsa.

Anaika lichero pansi. "Ine, mdzukulu wanga, ndinakhala zaka zinayi osapondako pakhomo pa achimwene. Mwana wa mayi anga. Ndinkaopa kuti dzina lija lingandigwere ine ndi ana anga. Komanso, ndisakunamize, ndinkakhulupirira kuti wofunsa mafunso pa nthawi ya nkhondo ndi mdani."

Kutuluka tinatulukadi. Mu Disembala 1962 boma la Britain linavomera kuti Nyasaland ichoke, Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 mbendera yathu inakwera. Palibe Mmalawi woganiza bwino amene angalire Chitaganya. Chikanapitirira, mwina ifenso, monga anzathu a ku Zimbabwe, tikanadikira ufulu mpaka 1980, titadutsa m'nkhondo. Makolo athu sanalakwe kukana. Chimene analakwa chili pena.

Funso la aphunzitsi lija silinafe chifukwa choti analitseka pakamwa. Linadikira. Chitaganya chitatha, zipatala, mapositi ndi zina zimene chinkalipira zinagwera boma latsopano lopanda ndalama, limene linkadalira thandizo la Britain kuti bajeti ikwane. Walira mvula walira matope. Patangotha masabata ochepa chilandirire ufulu, boma linalamula kuti wodwala aliyense wofika pa chipatala cha boma azilipira tiki. Linavomerezanso lipoti la Skinner, limene ogwira ntchito m'boma akuda analiona kuti likuwapondereza pa malipiro, mipando yapamwamba ili ndi azungu. Dziko lopanda nyanja yamchere linkafunabe doko la Beira, choncho Kamuzu anapalana ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique.

Nduna zake zinafunsa mafunso, ndipo zinalandira yankho lomwe analandira aphunzitsi a kwathu. Mu Seputembala 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Kumapeto kwa mwezi womwewo, m'tauni ya Zomba, ogwira ntchito m'boma ndi achinyamata a chipani anamenyana m'misewu ndi zibonga. Anthu amene chaka chathachi ankavina limodzi tsopano ankasakana. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston, lero Mangochi, nayamba ulendo wa ku Zomba, koma anakanika kuwoloka Shire pa Liwonde. Zotsatira zake anazimva anthu a m'midzi. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya, ndipo ndende ya Mikuyu, kuno kwathu ku Zomba komwe, inadzaza ndi anthu amene mlandu wawo unali pakamwa. Ufulu wofunsa tinautenganso pa referendamu ya pa 14 Juni 1993.

M'masiku a chipwirikiti amenewo mayi anga, ali kamwana ka kumbuyo, anadwala malungo. Anganga anawabereka m'mamawa, mame akadali pa udzu, ulendo wa ku chipatala. Atafika pa zenera anauzidwa za tiki. Analibe. Agogo aamuna anali ku Halale ndipo kalata inali isanabwere kwa miyezi ingapo. Anakhala pamwala kunja, mwana akutentha ngati mbaula pamsana, n'kuwerenga m'mutu makomo onse amene akanagogoda. Mpunga unali usanakololedwe, matemba a ku Chilwa analibe oti agulitse. Khomo limene linatsala linali limodzi.

Anawapeza achimwene awo akusema mpini pansi pa nkhokwe. Anganga anagwada patali, mawu osatuluka. Aphunzitsi aja anangoyang'ana mwanayo, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi matiki awiri. "Chemwali, thamangani. Ina mulipire, inayo mugulire mwana kanthu." Sanatchule za msonkhano uja, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka imfa yawo. Tiki imodzi inalipira kuchipatala ndipo mwana anachira. Inayo anganga sanaigwiritse ntchito. Ankati ikawagwera m'manja posaka singano, inkawakumbutsa kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Mnyamata uja amene anafuula "Kapirikoni" anali wokonda Chipembere. Mu 1965 iyenso anatchedwa chigawenga ndi anzake omwe ankaimba nawo, ndipo anathawa usiku kulowera ku Mozambique. Mayi ake anamwalira akuyang'ana kunjira. Chikwanje chimene ananolera aphunzitsi ake chinadzatema iye mwini.

Wina angati izi ndi zakale. Koma taonani kwa Angerezi omwe aja anatimangira Chitaganya. Pa 23 Juni 2016 anavota kuti atuluke mu European Union, 52 pa anthu 100 alionse akuvomera. Anagwirizana pa mawu amodzi oti atuluke, koma sanagwirizane kuti atuluka bwanji ndipo malire a ku Ireland adzatani. Nduna yaikulu David Cameron anatula pansi udindo, womulowa m'malo Theresa May anagwa mu 2019 nyumba ya malamulo itakana katatu pangano lake, ndipo pamene ankatuluka pa 31 Januwale 2020, mabanja anali atagawikana. Dziko lolemera, la nyanja mbali zonse, linazunzika chotero. Nanga ife amene mafuta, feteleza ndi mchere zimadzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban?

Malawi ali mu SADC komanso mu COMESA, bungwe limene Bingu wa Mutharika anakhalapo mlembi wake wamkulu. Anansi athu ena anachokamo mu COMESA: Mozambique, kenako Tanzania mu 2000. Madandaulo a alimi athu ndi oona. Mlimi wa mpunga m'chigwa cha Domasi amamva kuwawa akaona mpunga wakunja pa shelefu, wake mavenda akuugula pa mtengo wolira. Koma tinaona mu 2025 kuti chitseko chimatsekeka mbali ziwiri. Mu Malichi boma lathu linaletsa katundu wina wakunja, kuphatikizapo ufa, mpunga ndi nthochi. Mu Epulo Tanzania inabwezera: inaletsa zokolola zathu ndipo inaopseza kuimitsa feteleza wobwera kuno. Katundu anaima pa Songwe, amayi a geni a ku Karonga anakhala manja ali m'khosi, mpaka maboma awiriwa anakhala pansi kumayambiriro kwa Meyi. Amene anasaina zikalata sanagone ndi njala. Anagona nayo ndi mayi amene anakongola mpamba ku banki m'khonde.

Ndiye inu owerenga, tsiku likadzafika loti munthu aimirire pa nsanja n'kukuuzani kuti mavuto athu onse atha tikangotuluka m'mgwirizano wakutiwakuti, kapena tikangotseka malire, musathamangire kumukana. Mwina akunena zoona, monga ankanenera makolo athu. Koma mufunseni za m'mawa mwake. Feteleza adzadzera kuti? Nandolo ndi soya wathu adzagula ndani? Ana athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Lusaka adzawatani? Mtengo wa zonsezi adzausenza ndani, ndipo kwa zaka zingati? Akayankha, yesani yankholo ngati mmene mumayesera thumba la chimanga musanalipire. Akapanda kuyankha, n'kuyamba kutchula wofunsayo maina, dziwani kuti mwafika pansi pa mitengo ya mango ija.

Ndipo mukadzaona mnzanu ataimirira yekha, chipewa chili m'manja, gulu likumukuwiza, musasunthe pamphasa. Mungathe kutsutsana naye mpaka dzuwa kulowa, koma m'lekeni amalize mawu ake, ndipo m'mawa mukamupatse moni. Mtundu umene waphunzira kutseka pakamwa munthu mmodzi chifukwa cholinga n'chabwino, sudziwa kuleka cholingacho chikakwaniritsidwa. Makolo athu anaphwanya Chitaganya m'zaka khumi, koma chizolowezi chimene anachiphunzira pochiphwanya chinatitengera zaka pafupifupi makumi atatu kuti tichisiye.

Tiki ija ili ndi ine tsopano, m'kachitini komweko. Singagule ngakhale machesi. Ana anga akandifunsa, ndimawauza za mayi amene anakhala pamwala kunja kwa chipatala mwana ali kumbuyo, ndi za mlongo wake amene anamupatsa matiki awiri osamufunsa kumene anali zaka zinayi zonsezo.