Mtima Wodwala Usagonekedwe pa Mphasa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi nthenda ya mtima si ya anthu olemera a m'tauni okha?

Iyayi ndithu. Pakati pa 2013 ndi 2016, akatswiri a bungwe la MEIRU, atayeza akuluakulu a m'midzi yozungulira Chilumba ku Karonga pamodzi ndi a ku Area 25 ku Lilongwe, anapeza kuti kuthamanga kwa magazi, kumene kuli khomo la nthenda zambiri za mtima, sikusankha pakati pa mlimi wa mpunga wa Kilombero ndi kalaliki wa mu ofesi, ndiponso kuti ambiri anali nako osadziwa.

Nanga chimene chiwononga mitsempha n'chiyani?

Monga khasu losiyidwa pa mame lichita dzimbiri, momwemonso mpweya wa okosijeni, umene utipatsa moyo, usiya m'thupi tinthu tolusa tonyeketsa m'kati mwa mitsempha ya magazi, makamaka mwa munthu wosuta fodya, wa nthenda ya shuga, kapena mayi wopuma utsi wa nkhuni m'khitchini tsiku ndi tsiku. Thupi poona bala limenelo litumizako maselo oyera a magazi, pamalopo patupa, mafuta aunjikana, ndipo njira ya magazi ichepa. Kutupa kobisikaku madokotala amakuyeza ndi chizindikiro cha m'magazi chotchedwa CRP.

Kodi wodwala mtima sayenera kungopuma?

Kale madokotala ankamugoneka milungu 6, kufikira m'chaka cha 1952 pamene Samuel Levine ndi Bernard Lown a ku Boston anaonetsa kuti wokhazikidwa pa mpando apeza bwino kuposa wogonekedwa. Lero wodwala amaphunzitsidwa mafizo kwa miyezi ngati 3. Chodabwitsa chake n'chakuti mafizowo amadzutsa tinthu tolusa tija pang'ono, ndipo thupi, pozolowera nkhondo yaing'onoyo, lichulukitsa zida zakezake zodzitetezera, mitsempha ifewa ndi kutseguka, CRP nayo itsika.

Bwanji osangomwa mapiritsi a mavitamini?

Kafukufuku wamkulu wotchedwa HOPE anaonetsa m'chaka cha 2000 kuti vitamini E sateteza mtima. Ndalamayo bola mugulire masamba ndi nthochi.

Tsono munthu ayambe bwanji?

Ayambe wapita ku chipatala cha boma cha Karonga kapena cha pafupi, pakuti pali mitima ina, monga yowonongeka ndi zilonda za pakhosi za paubwana, imene ifuna kuyezedwa kaye. Akaloledwa, aziyenda mbandakucha dzuwa la kunyanja lisanakwiye, pa liwiro lakuti atha kucheza ndi mnzake osabanika, pokumbukira kuti kuthamanga sikufika, kufikira atakwanitsa mphindi 150 pa mlungu monga bungwe la WHO lilangiza. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kuwerengera ndi umene uli kale mu ndiwo, ndipo mankhwala a kuchipatala asawasiye. Inu omusamalira, mukamuona akugwira pachifuwa, akubanika kapena akuchita chizungulire, m'khazikeni pansi ndi kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo.