Mankhwala a BP akundigwetsa, kodi ndisiye?

Agogo, ndimamwa hydrochlorothiazide ndi atenolol. Chiyambireni kutentha kuno, ndikangoimirira m'maso mumachita mdima, miyendo n'kulobodoka. Dzana ndinatsala pang'ono kugwera pambaula. Atandiyeza anapeza 95/60. Mnzanga akuti ndachira, ndisiye mankhwala, ndizinyambita mchere.
Mayi wodandaula, Chikwawa

Mayi, pepani. Ndikudziwa mantha ake: munthu umayamba kuopa ngakhale kupita wekha kubafa. Mwachita bwino kufunsa.

Mnzanuyo amakukondani, koma si dokotala. Simunachire, BP yatsika chifukwa mankhwala akugwira ntchito, mwina mopyola muyeso. Musasiye nokha, makamaka atenolol. Mukamusiya mwadzidzidzi mtima umayamba kugunda mothamanga, BP n'kukwera koopsa. Za mchere zija ziiwaleni.

Musamangoyang'ana nambala. Achipatala amati BP yatsika ikakhala pansi pa 90/60, komatu alipo anthu amene amalima tsiku lonse ndi nambala imeneyo popanda vuto. Inu muli pa 95/60 koma mukudzandira, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa n'chimenecho. Pamsinkhu wathuwu kugwa kumathyola chiuno, munthu n'kukhala miyezi ali pamphasa, akusambitsidwa ndi ana.

Ndikukayikira dzuwa la kwanuko. Hydrochlorothiazide amachotsa madzi m'thupi kudzera mu mkodzo. Onjezanipo thukuta la kuchigwa, madzi amatha msanga. Kutsekula m'mimba, kusanza, mowa ndi kusala kudya kumachitanso chimodzimodzi. Muzimwa madzi pafupipafupi, pokhapokha ngati anakuletsani chifukwa cha mtima kapena impso.

Pitani kuchipatala sabata ino, musadikire tsiku lokatenga mankhwala. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba. Musachite nawo manyazi. Apempheni akuyezeni mutagona, kenako mutaimirira. Nambala yapamwamba ikatsika ndi 20, kapena yapansi ndi 10, pasanathe mphindi zitatu, adzadziwa kuti vuto lili pa kuimirirako, ndipo akhoza kuchepetsa kapena kusintha mankhwala.

Pakali pano musamadzambatuke ngati mtsikana. Mukadzuka yambani mwakhala m'mphepete mwa bedi, gwedezani mapazi, kenako imirirani mutagwira khoma. Chizungulire chikabwera, gonani pansi n'kukweza miyendo. Zophika asiyireni kaye ena.

Koma mukakomoka, kumva kupweteka pachifuwa, kubanika, kusokonezeka mutu kapena kuona chimbudzi chakuda bii, musadikire kuti kuche. Akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo.