BASHO, MLAKATULI WA KU JAPAN

Matsuo Basho anabadwa ku Japan m'caka ca 1644. Dzina lakuti Basho ndilo la mtundu wina wa nthoci, pakuti wophunzira wace anampatsa mtengo wa nthoci umene unamera pafupi ndi kanyumba kace.

Iye anali katswiri wa ndakatulo zazifupi zimene lero zichedwa haiku. Haiku iri ndi maphatikizo 17 okha, ogawidwa 5, 7 ndi 5, ndipo iyenera kuchula nyengo ya caka. M'kamalo kocepa kotere mulibe mpata wa mau acabe.

M'caka ca 1689, angakhale anali wodwaladwala, Basho anasiya nyumba yace nayamba ulendo wa kumpoto pamodzi ndi wophunzira wace Sora. Anayenda masiku ngati 150, kawirikawiri pansi, kuti aone zinthu ndi maso ace asanazilembe. Pa kacisi wa Yamadera, pamwamba pa phiri, kunali zii, koma nyenje zokha zinali kulira m'matanthwe. Ndakatulo ya nyenjezo anailemba katatu, nasinthasintha mau kufikira anapeza liu limene linamkhutiritsa.

Buku la ulendowo analikonza pafupifupi zaka 5, koma anamwalira mu 1694 lisanasindikizidwe.