Kujambula Mbalame ndi Lenzi Yaitali

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli mudzatha:

- kufotokoza ntchito ya lenzi yaitali
- kutchula zinthu zinayi zimene zimawononga chithunzi cha mbalame
- kuwerenga manambala a pa kamera monga 400mm, 1/1000 ndi f/8

Mawu atsopano

- lenzi: magalasi a kutsogolo kwa kamera, kumene kuwala kumalowera
- shata: kachitseko ka m'kati mwa kamera kamene kamatseguka ndi kutseka pojambula
- fokasi: malo amene mwalozetsa kamera kuti aoneke bwino kuposa ena onse
- ISO: nambala yosonyeza mmene kamera ikuwalitsira chithunzi
- tripod: choimikapo kamera cha miyendo itatu

Werengani

M'Malawi muli mitundu ya mbalame yoposa 600. Alendo amachokera kutali kudzaziona ku Liwonde, ku Nyika ndi ku nyanja ya Chilwa, ndipo ambiri amafuna kubwerera kwawo ndi zithunzi. Ifenso eni dziko tiyenera kudziwa luso limeneli, pakuti mbalamezi ndi chuma chathu.

Mbalame sidikira munthu. Mukaiyandikira, imauluka. N'chifukwa chake wojambula amaima patali, n'kugwiritsa ntchito lenzi yaitali, imene ojambula amaitcha telephoto. Komabe ambiri akapeza lenziyi amakhumudwa. Mbalame ikutuluka yaikulu ndithu pa chithunzi, koma ikuoneka mwachimbuuzi. Nthenga sizikudziwika, diso silikuoneka. Kawirikawiri kamera imakhala ilibe vuto. Pamakhala kuti china chake chinasuntha pa nthawi yojambulayo.

Lenzi yaitali imagwira ntchito bwanji?

Pa lenzi iliyonse pamalembedwa nambala ya mamilimita. Nambala ikakula, chinthu chakutali chimaoneka pafupi. Lenzi ya 400mm imakulitsa mbalame ka 8 kuposa lenzi ya 50mm. Ojambula mbalame ambiri amagwiritsa ntchito malenzi a pakati pa 300mm ndi 600mm.

Koma lenzi sisankha choti ikulitse. Ikakulitsa mbalame, imakulitsanso kunjenjemera kwa manja anu. Taganizirani nsungwi yaitali yothyolera mango. Dzanja likagwedera pang'ono chabe pansipa, nsonga ya nsungwi kumwambako imapita uku ndi uku mpaka kuphonya bango. Lenzi yaitali imachitanso chimodzimodzi.

Pali zinthu zinayi zofunika kuzisamala: manja anu, mbalameyo, fokasi, ndi mpweya umene uli pakati pa inu ndi mbalame.

Choyamba: manja anu

Mukadina batani lojambulira, shata imatseguka kanthawi kochepa kwambiri kuti kuwala kulowe. Chilichonse chimene chasuntha shata ili chitsegukire chimatuluka chachimbuuzi. Kanthawi kameneka kamalembedwa motere: 1/100, 1/500, 1/1000. Nambala ya 1/500 ikutanthauza kuti sekondi imodzi yagawidwa magawo 500, ndipo shata ikutseguka kwa gawo limodzi lokha. Nambala ya kumanja ikakula, shata ikuthamanga kwambiri.

Ojambula ali ndi lamulo lakale losavuta kukumbukira. Nambala ya kumanjayo isachepere nambala ya lenzi. Ngati lenzi ndi ya 400mm, shata isachedwe kuposa 1/400. Pa makamera ambiri ang'onoang'ono ndi bwino kupitirirapo, mpaka 1/800.

Kagwiridwe kalinso ndi mbali yake. Dzanja lamanja ligwire kamera, lamanzere lichirikize lenzi kunsi kwake. Zigongono zikhale zopanikiza m'nthiti, kamera itsamire pankhope. Imani miyendo italikirane pang'ono. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono, kenaka dinani batani mofatsa, osati molibaya. Ngati pali mtengo kapena khoma pafupi, tsamirani. Mukakhala pansi, ikani zigongono pa mawondo.

Amene ali ndi tripod aigwiritse ntchito. Amene alibe asadandaule. Sokani kathumba ka nsalu, muthiremo nyemba kapena mpunga, muike pa chitsa kapena pa windo la galimoto, lenzi igone pamenepo. Mukakhala m'galimoto kapena m'boti, pemphani woyendetsa azimitse injini, chifukwa kunjenjemera kwake kumafika mpaka ku lenzi.

Malenzi ambiri ali ndi kachipangizo kochepetsa kugwedera. Pa malenzi a Canon kamalembedwa IS, pa a Nikon kamalembedwa VR. Kayatseni. Koma dziwani kuti kamathandiza manja anu okha. Sikangaimitse mbalame.

Chachiwiri: mbalameyo

Mbalame imene tikuti yakhala phee imakhala ikusunthabe. Mutu ukutembenuka, mchira ukugwedera, nthambi ikuyenda ndi mphepo. Choncho liwiro la shata liyenderane ndi zimene mbalame ikuchita. Poyambira, yesani manambala awa:

- mbalame yotera, monga njiwa pa nthambi: 1/500 mpaka 1/1000
- mbalame yoyenda pansi, monga nkhanga kapena kakowa: 1/1000
- mbalame yaikulu youluka, monga nkhwazi: 1/2000
- kambalame kaliwiro, monga namzeze: 1/3200 kapena 1/4000

Shata ikamathamanga, kuwala kolowa kumachepa. Pa 1/1000 kumalowa theka la kuwala kwa pa 1/500. Kuti chithunzi chisade, pali njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi kukulitsa bowo la m'kati mwa lenzi. Kukula kwake kumalembedwa ndi chilembo f, monga f/5.6, f/8 ndi f/11. Apa chenjerani: nambala yaing'ono ndiye bowo lalikulu. Pa f/5.6 kumalowa kuwala kowirikiza kawiri kuposa pa f/8.

Njira yachiwiri ndi kukweza ISO. Mukachoka pa 400 kupita pa 800, mungathe kuthamangitsa shata kawiri chithunzi osada. ISO ikakwera kwambiri, pa chithunzi pamaoneka timadontho. Musaope kwenikweni timadonthoti. Tingachepetsedwe pa kompyuta, pamene chithunzi chogwedera n'chovuta kuchikonza.

Chachitatu: fokasi

Lenzi yaitali imaonetsa bwino kadera kochepa kwambiri. Zakutsogolo ndi zakumbuyo kwa kaderako zimazimirira. Ngati fokasi yagwera pa tsamba la kutsogolo, tsambalo lituluka bwino, mbalame ayi.

Lozetsani fokasi pa diso. Munthu akaona chithunzi cha mbalame, amayamba kuyang'ana diso. Diso likaoneka bwino, chithunzi chonse chimakoma ngakhale nsonga ya phiko itazimirira. Ngati mbalame ili m'zitsamba, sankhani kadontho kamodzi kokha ka fokasi kuti kamera isagwire nthambi. Ngati ikuyenda kapena kuuluka, ikani kamera pa fokasi yotsatira. Pa Nikon ndi Sony imalembedwa AF-C, pa Canon imalembedwa AI Servo kapena Servo AF. Makamera atsopano ena amatha kupeza okha diso la mbalame.

Chachinayi: mpweya

Mwaonapo mmene mpweya umanjenjemerera pamwamba pa msewu wa tala masana a mu Okutobala. Mpweya wotentha umapinda kuwala, ndipo lenzi yaitali imakulitsa zimenezinso. Palibe batani la pa kamera lothetsa vutoli. Mankhwala ake ndi awiri: kulawirira ndi kuyandikira. M'mawa nthaka imakhala isanatenthe, ndiponso mbalame zimakhala zili kalikiliki kufuna chakudya. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kuti liwalire mbalame kumaso.

Poyandikira, valani zovala zosawala. Yendani pang'ono, imani, yendaninso. Musalunjike kumene kuli mbalame, pitani chammbali. Njira yoposa zonse ndi kukhala pansi pafupi ndi madzi kapena mtengo wa zipatso, n'kudikira mbalame zibwere zokha.

Tione chitsanzo

Tiyerekeze kuti muli m'boti pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, dzuwa litangotuluka. Nkhwazi yatera pa nsonga ya mtengo wouma. Mutu ndi chifuwa zili mbee, mapiko akuda, mimba yofiirira. Injini yazima. Mwaika shata pa 1/1000 ndipo kadontho ka fokasi kali pa diso. Nkhwazi ikuponya mutu kumbuyo n'kulira. Jambulani.

Tsopano yayamba kuyang'anitsitsa m'madzi, yawerama, mapiko yawatakasa. Musadikire kuti inyamuke. Sinthani shata ifike pa 1/2000, kwezani ISO, ndipo onani kumene mphepo ikuchokera, chifukwa mbalame zimakonda kunyamuka moyang'ana mphepo. Ikauluka, itsatireni potembenuza thupi lonse kuchokera m'chiuno, osati manja okha. Panikizani batani osalisiya kuti kamera ijambule zithunzi zambiri motsatizana pamene zikhadabo zikukhudza madzi. Mukamaliza, kulitsani zithunzizo pa sikirini ya kamera n'kuyang'ana diso. Zambiri mudzafufuta. Ngakhale akatswiri amatero.

Lemekezani mbalame

Musayandikire chisa chimene muli mazira kapena anapiye. Make akathawa, mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa, ndipo akhwangwala amapezerapo mpata. Musagende mbalame kuti iuluke. Ikayamba kulira mwamantha kapena kusiya kudya chifukwa cha inu, bwererani m'mbuyo. Chithunzi sichingapose moyo wa mbalame.

Yankhani mafunso awa

1. N'chifukwa chiyani lenzi yaitali imafuna shata yothamanga?
2. Pakati pa 1/250 ndi 1/2000, shata yothamanga ndi iti?
3. Pakati pa f/5.6 ndi f/11, bowo lalikulu ndi liti?
4. Lenzi yanu ndi ya 600mm. Shata isachedwe kuposa nambala iti?
5. Lenzi ya 300mm imakulitsa mbalame kangati kuposa ya 50mm?
6. N'chifukwa chiyani masana otentha sali abwino pojambula mbalame yakutali?

Kambiranani m'magulu

Ndi mbalame ziti zimene zimapezeka kwanuko? Zimakonda kutera pati, ndipo nthawi yanji? Kodi pali zina zimene munkaziona kale koma lero zikusowa? Mukuganiza kuti chachititsa n'chiyani?

Ntchito

Lembani maina a mbalame zisanu za m'dera lanu, ndipo pambali pa dzina lililonse lembani liwiro la shata limene mungayambire. Ngati gulu lanu lingabwereke kamera, yambani ndi nkhuku za pakhomo. Jambulani nkhuku imodzi ikujompha chakudya pa 1/100, kenaka pa 1/500, pomaliza pa 1/2000. Yerekezani zithunzi zitatuzo, ndipo mulembe ziganizo zitatu zofotokoza kusiyana kumene mwaona.