Ana Athu Akuphunzira za Mphamvu ya Dzuwa: Nanga Ife Amayi Tichitepo Chiyani?

Amayi anzanga a ku Liwaladzi ndi m'miphakati yonse ya m'mbali mwa nyanja, phunziro la mwezi uno ndi lokhudza kuwala ndi moto wa m'nyumba mwathu. Musanayambe kukambirana, mmodzi awerenge Genesis 2:15, pamene Mulungu akupatsa munthu munda kuti aziulima ndi kuusamala.

Ndili mzamba wachitsikana pa chipatala china cha kumudzi, ndinabereketsapo mayi usiku nditaluma tochi kukamwa, chifukwa manja onse anali pa ntchito. Mayiyo anataya magazi ambiri, ndipo ndinavutika kuona pamene akuchokera. Anapulumuka, koma kuyambira tsiku limenelo ndimaona nkhani ya magetsi ngati nkhani ya zaumoyo.

Mmene zinthu zilili

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo pafupifupi 95 pa 100 ankaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe la World Health Organization limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lonse. Mwana amene ali kumbuyo pamene inu mukuuzira moto amapuma utsi womwewo, ndipo utsiwo umachititsa chibayo. Kwa mayi woyembekezera, umawonjezera chiopsezo chobereka mwana wochepa sikelo. Koloboyi nayenso watentha ana ambiri ndi maneti a udzudzu.

Magetsi ambiri a dziko lathu amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo mukukumbukira mdima umene unatsatira.

Mphamvu zosatha ndi ziti?

Ndi mphamvu zimene zimabwereranso zokha: dzuwa, mphepo, madzi oyenda ndi zotsalira za mbewu. Zitsanzo tili nazo pakhomo. Ku Dwangwa, fakitale ya shuga imawotcha zotsalira za nzimbe n'kupanga magetsi. Kufupi ndi boma la Nkhotakota kuli munda wa masola wa mamegawati 21, ndipo ku Salima kuli wina wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021.

Sola ya pakhomo ili ndi zigawo zitatu. Panelo imasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Batire imasunga magetsiwo kuti agwire ntchito usiku. Pakati pa ziwirizi pamakhala kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze mopitirira kapena kutheratu. Ambiri amachotsa kachipangizoka pofuna kusunga ndalama, batire n'kufa isanafike nthawi yake. Kuno kwathu panelo iyang'ane kumpoto, ikhale yopendekeka pang'ono, isakhale pa mthunzi wa mango, ndipo muziipukuta fumbi ndi nsalu yofewa yonyowa. Izi ndi zimene mwana wa Sitandade 7 angathe kuphunzira ndi kuphunzitsa makolo ake.

Ubale wa masukulu

Kuno ku Nkhotakota, bungwe la achinyamata la Nkhotakota Youth Organisation linapanga ubale ndi sukulu ya sekondale ya Flora ya m'tauni ya Florø ku Norway. Achinyamata a mbali zonse ziwiri akhala akuyenderana, kuphunzitsana ntchito zamanja. M'bungwe lomweli munabadwa kampani ya Kumudzi Kuwale, imene inayamba ndi malo otchajirako nyale ndi mafoni m'midzi pogwiritsa ntchito dzuwa.

Dziko la Scotland nalo linasainirana mgwirizano ndi Malawi mu 2005, ndipo masukulu ambiri a maiko awiriwa ali pa ubale kudzera ku Scotland Malawi Partnership. Yunivesite ya Strathclyde ya ku Glasgow inathandiza kuika masola m'masukulu ndi m'zipatala zazing'ono ku Chikwawa, kenako mu 2020 inathandiza kuyatsa magetsi a dzuwa m'mudzi wa Mthembanji, m'boma la Dedza.

Ubale wotere ukakhala wabwino, mbali zonse ziwiri zimapereka ndi kulandira. Mwana wa ku Norway, kumene magetsi ambiri amachokera ku madzi ndipo dzuwa limasowa m'nyengo yozizira, ali ndi zoti aphunzire kwa mwana wa ku Liwaladzi amene amadziwa kuyanika usipa ndi makaka a chinangwa padzuwa, ndiponso kudziwa kuti mwera wayandikira. Wathuyo angaphunzire kwa mnzakeyo kuyeza magetsi ndi kulumikiza mawaya bwino.

Kumbukiraninso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku la ana a sukulu a ku America m'kalaibulale ka kwawo. Ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake, nayatsa mababu kunyumba. Zonsezi zinayamba ndi buku limodzi lochokera kutali limene linafika m'manja mwa mwana wofuna kudziwa.

Pamene zinthu zimalakwika

Ndayenda m'malo angapo kumene mapanelo ali padenga koma m'kalasi muli mdima. Alendo anaika, anajambula zithunzi, napita. Batire itatha, panalibe ndalama yogulira ina, panalibenso wodziwa kukonza. Kwina mapanelo anabedwa. Chomwe chinasowa ndi eni ake. N'chifukwa chake kuphunzitsa ana n'kofunika kuposa mphatso ya zipangizo, pakuti zipangizo zikawonongeka wodziwa kukonza amakhala ali pamudzi pomwepo.

Chachiwiri ndi atsikana. Nthawi zambiri anyamata ndiwo amagwira mawaya, atsikana ali kotunga madzi. Komabe amene adzakhale pa utsi zaka zambiri ndi mtsikanayo. Ndiponso sukulu ikayamba kuwala usiku, tiganizire za ulendo wake wobwerera kunyumba mumdima.

Zimene mungachite

Choyamba, pitani kwa aphunzitsi aakulu kudzera ku komiti ya sukulu kapena ku gulu la amayi la pasukulu. Funsani ngati ana akuphunzira za mphamvu ya dzuwa ndi manja awo, komanso ngati sukulu ili ndi ubale ndi ina ya kunja. Ngati ilibe, pemphani bambo mfumu akuthandizeni kulemba kalata. Mpingo wathu uli ndi masukulu m'maiko ambiri.

Chachiwiri, sukulu ikalandira sola, gwirizanani tsiku lomwelo za thumba logulira batire, wosunga ndalamazo, ndi wolondera.

Chachitatu, onetsetsani kuti theka la ana ophunzira zimenezi ndi atsikana, ndipo owerenga madzulo azibwerera m'magulu ndi munthu wamkulu.

Chachinayi, yambani kunyumba. Ndalama za kubanki m'khonde zingagule nyale ya sola. Mbaula ya Chitetezo imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Phikirani pamalo popita mphepo, khanda lili kutali ndi utsi.

Chachisanu, samalani ndi mabatire akutha. Ali ndi asidi ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana. Musawaswe, musawataye m'nyanja kapena pafupi ndi chitsime. Ndipo mwana akamwa palafini, musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala.

Mafunso okambirana

1. Banja lanu limawononga ndalama zingati pa mwezi pa mabatire a tochi, makandulo ndi kutchajitsa foni? Zingatenge miyezi ingati kuti zikwane nyale ya sola?
2. Kodi m'dera lanu muli sola imene inafa? Inafa chifukwa chiyani?
3. Ana athu angaphunzitse chiyani anzawo a kunja?

M'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, Papa Francis anatikumbutsa kuti dziko ndi nyumba ya tonse, ndipo kuphunzitsa ana kulisamala kumayambira m'banja. Musanabalalike, sankhani amayi awiri amene apite kusukulu sabata ino, ndipo adzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira. Tsekani ndi pemphero lopempherera amayi oyembekezera ndi azamba amene agwire ntchito usiku uno.