Usakongole Podalira Mtengo wa Mpunga wa Chaka Chatha

Mphwanga, ndamva kuti ukufuna kutenga ngongole, upite ku Karonga nthawi yokolola ukapikule Kilombero, umusunge mpaka Disembala mtengo utakwera. Bizinesiyo si yoipa, ndipo yaphunzitsa ana a anthu ambiri. Chondidetsa nkhawa n'chakuti masamu ako onse wawerengera pa mtengo wa chaka chatha, ngati kuti mtengowo unalonjeza kudzabweranso.

Dziko lonse limakolola mpunga wopuntha wopitirira matani 500 miliyoni pachaka, koma pa matumba khumi alionse, limodzi lokha ndi limene limawoloka malire. Enawo amadyedwa komwe alimidwa. Pa wochepa wogulitsidwa kunjawo, pafupifupi matumba anayi pa khumi amachokera ku India, otsalawo n'kumagawana Thailand, Vietnam, Pakistan ndi ena ochepa. N'chifukwa chake nduna ikasaina kalata ku New Delhi, mayi wogula mpunga ku Dakar, ku Manila kapena ku Maputo amabwerera kunyumba ndi kajumbo kopepuka.

Mu Okutobala 2007 boma la India linaletsa kugulitsa kunja mpunga wosakhala basmati. Vietnam nayo inachepetsa malonda ake. Boma la Philippines, poopa kuti anthu ake asowa chakudya, linayamba kugula mpunga wambiri pamtengo uliwonse umene wogulitsa watchula. Tani imene inkagulidwa madola osafika 400 inadutsa madola 1,000 pofika Meyi 2008. Chaka chimenecho minda ya dziko lapansi inali itabereka bwino ndithu. Mpunga unalipo, koma aliyense, kuyambira boma mpaka mayi wapakhomo, anaubisa poopa mawa. Ndiye tamvera mmene zinathera: itangomveka nkhani yoti Japan itulutsa mpunga umene inkasunga m'nkhokwe zake, mtengo unayamba kutsika thumba ngakhale limodzi lisanakwere sitima. Amene anakongola kuti agule mtengo uli pamwamba anatsala ndi matumba komanso ngongole.

Zinachitikanso pa 20 Julayi 2023. India, poopa nyengo ya El Niño ndi zisankho zimene zinkabwera, inatsekanso chipata, ndipo mpunga wa ku Thailand unadutsa madola 600 pa tani. Mu Seputembala 2024, nkhokwe za boma zitasefukira, chipata chinatsegulidwa, ndipo mu 2025 mtengo unagwa mpaka pansi pa madola 400.

Mwina unena kuti Kilombero wathu sakumana ndi mpunga wa ku Bangkok pamsika wa Limbe kapena wa Lilongwe. Pang'ono ukunena zoona, chifukwa fungo lake lili ndi ogula ake amene sasintha. Koma matenda a kalata ya nduna ali konkuno. Mu 2025 Malawi italetsa katundu wina wakunja kuphatikizapo mpunga, Tanzania inabwezera mu Epulo potseka malire ku zokolola zathu, ndipo patangopita masiku ochepa inatsegulanso. Amene anali ndi katundu pa malire a Songwe sabata imeneyo sanafunsidwe maganizo. Kumbukiranso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Wamalonda amene anagula mu Juni n'kugulitsa mu Disembala anawerenga makwacha ambiri n'kusangalala, koma atabwerera kukapikula anapeza kuti thiransipoti, matumba ndi mpunga womwe zonse zakwera. Mtengo wa chaka chatha umene ukuusirirawo, mwinanso mbali yake ina inali kugwa kwa ndalama chabe.

Choncho yamba ndi mpamba wako, ngakhale ungokwanira matumba ochepa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Katapila amabereka mwezi ndi mwezi, pomwe mpunga wako uli m'nyumba ukupepuka, ukudyedwa ndi makoswe ndi anankafumbwe. Munthu wa ngongole sasankha tsiku logulitsa. Amasankhiridwa ndi mwini ndalama, ndipo ogula amamuzindikira akangoona nkhope yake.

Phindu lenileni limapezeka kapena kutayika pa zinthu zimene anzako amaziona ngati zazing'ono. Ukafika ku Hara, ku Wovwe, ku Limphasa kapena ku Lifuwu, usagule ndi maso. Tenga njere uilume. Ikakhala yofewa, ukugula madzi, ndipo thumba limenelo lidzachita nkhungu. Ikakhala kuti inayanikidwa padzuwa lamphamvu mopitirira muyeso, idzasweka kuchigayo, ndipo mpunga wosweka suitana mtengo wa mpunga wathunthu. Makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha amatulutsa pakati pa 60 ndi 70 a wopuntha, enawo ndi mankhusu ndi madeya. Werengera pa 60. Punthitsa thumba limodzi kaye uone mmene latulukira, kenako ugule ena. Mpunga wodikira miyezi usunge wosapuntha, pa matabwa, kutali ndi khoma, uzipunthitsa pang'onopang'ono ogula akapezeka.

Pali chinyengo chimene chafala moti ena amachitcha nzeru: kusakaniza Kilombero ndi mpunga wamtundu wina wotchipa, pamwamba pa thumba n'kuwazapo wonunkhira. Usachite. Mayi amene wagula adzadziwa madzi akangowira, ndipo sadzabweranso. Choipitsitsa n'chakuti umaipitsira mlimi wa ku Kaporo, amene wawokera mbande ali m'madzi mpaka m'mawondo, dzina lokhalo limene limachititsa kuti mpunga wake ugulidwe mokwera kuposa wochokera kunja. Mlimiyonso umuyesere pa sikelo yoona, chifukwa chaka chamawa mpunga ukadzachepa ndiye adzasankha womugulitsa.

Pogulitsa usadikire kuti mtengo ufike pachimake, pakuti palibe amene amadziwa tsiku lake. Ukangodutsa zonse zimene unalowetsa n'kusiya kangachepe, tulutsa gawo lina ubweze mpamba. Gawo lina ulisungire Khirisimasi ndi maukwati. Wotsalawo usalowe nawo m'mwezi wa Meyi, chifukwa mpunga watsopano ukangoyamba kutuluka m'madambo, wakale suyang'anidwanso.